Mbiri ya William Coley, dokotala amene anadwalitsa odwala kansa kuti awacize

Pakati pa matenda a kansa amene akusautsa madokotala kufikira lero, cotupa ca mu ubongo cochedwa glioblastoma cili m'gulu la zoopsa kwambiri. Wodwala amacitidwa opaleshoni, amaochedwa ndi ceza, napatsidwanso mankhwala, koma pafupifupi nthawi zonse cotupaco cimameranso. Pofuna njira yothandizira odwala otere, ofufuza ku America ndi ku Ulaya akhala akuyesa kuphatikiza zinthu ziwiri: kuocha cotupa ndi ceza, ndi kudzutsa citetezo ca m'thupi kuti cimenyane ndi kansa. Omvera athu ambiri angadabwe kumva kuti zaka 100 zapitazo njira ziwirizi zinali pa mkangano waukulu m'cipatala cimodzi ca mu mzinda wa New York, ndipo munthu amene anagonja pa mkanganowo ndiye amene lero amachedwa tate wa cithandizo codzutsa citetezo ca m'thupi. Dzina lao ndi Dokotala William Bradley Coley.

A Coley anabadwa pa 12 Januwale 1862 ku Westport, m'cigawo ca Connecticut ku America. Anaphunzira pa yunivesite ya Yale mpaka 1884, ndipo poyamba sanali pa njira ya udokotala ai. Anapita kutali ku Portland, m'cigawo ca Oregon, kumene anakhala zaka ziwiri akuphunzitsa anyamata Cilatini ndi Cigiriki. Atabwerako ndi pamene analowa sukulu ya udokotala ya Harvard, natsiriza mu 1888. Anayamba nchito pa New York Hospital monga dokotala wacinyamata wocita maopaleshoni, ndipo akuluakulu ao anaona msanga kuti anali ndi dzanja labwino.

Cimene cinatembenuza moyo wao cinacitika m'mwezi wa Okutobala 1890. Kunabwera mtsikana wa zaka 17, Elizabeth Dashiell, amene anzake anali kumuchula kuti Bessie. Miyezi ingapo m'mbuyomo dzanja lake linapanikizika pakati pa mipando ya m'sitima ya pamtunda, ndipo kutupa ndi ululu sizinali kutha. A Coley poyamba anaganiza kuti m'katimo munali mafinya, koma atang'amba sanawapeze. Kupima kunaonetsa kuti inali kansa ya mtundu wa sarcoma, imene imagwira mafupa ndi minofu. M'mwezi wa Novembala anamudula mkono m'munsi mwa cigongono, popeza masiku amenewo panalibe cithandizo cina coposa mpeni. Koma kansa inali itafalikira kale. Zotupa zinabuka m'thupi lonse, ndipo Bessie anamwalira mu Januwale 1891.

Dokotalayo anali ndi zaka 29 cabe. Anacita zonse zimene anaphunzitsidwa, anazicita bwino, ndipo mtsikanayo anafa ndithu mkati mwa miyezi itatu. Munthu winanso amene imfayi inamupweteka anali bwenzi la Bessie, mnyamata wochedwa John D. Rockefeller Jr., mwana wa mwini cuma wamkulu wa mafuta. M'zaka zotsatira Rockefeller anapereka ndalama zambiri zothandizira kufufuza za kansa, kuphatikizapo nchito ya a Coley.

A Coley anatsikira m'cipinda cosungiramo makalata a odwala akale, nayamba kuwerenga mmodzimmodzi nkhani za anthu amene anadwalapo sarcoma pa cipatalaco. Pafupifupi zonse zinali kuthera m'manda. Koma anapeza imodzi yosiyana. Fred Stein, Mjeremani wosauka amene anasamukira ku America, anali ndi cotupa pakhosi cimene madokotala anacidula kangapo koma cinali kumeranso, kufikira anataya mtima. Ali cigonere ndi bala losapola, anagwidwa ndi erysipelas, nthenda ya pakhungu yoyambitsidwa ndi tizilombo ta streptococcus, imene imafiiritsa khungu ndi kutenthetsa thupi koopsa. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini, conco erysipelas inali kupha anthu ambiri m'zipatala. Stein sanafe. Kutentha thupi kutapita, cotupa cija cinayamba kufota mpaka cinazimirira, ndipo anaturutsidwa m'cipatala.

Apa ndi pamene khalidwe la a Coley limaonekera. Dokotala wina akanangoti ndi mwai, natseka bukulo. Iwo anafuna kudziwa ngati munthuyo anali moyobe, popeza panali patapita zaka 7. Anayenda masabata angapo m'nyumba zothithikana za osauka ku Lower East Side, kugogoda khomo ndi khomo, kufunsa za Mjeremani wa cipsera pakhosi. Anamupeza ali moyo, wopanda cizindikiro ciliconse ca kansa.

Sikuti a Coley ndiwo anali oyamba kuona zotere. Ku Germany, Wilhelm Busch anali ataonapo cotupa cikufota mwa wodwala erysipelas m'ma 1860, ndipo Friedrich Fehleisen, amene anazindikira kacilombo koyambitsa nthendayi, anayesapo kukabaya mwa odwala kansa m'ma 1880. Kusiyana kwake n'kwakuti enawo anayesa pang'ono nasiya, pamene a Coley anagwira nchitoyi zaka zoposa 40.

Wodwala wao woyamba anali Mtaliyana wodziwika ndi dzina limodzi lokha, Zola. Anali ndi cotupa pakhosi ndi cina kummero, cacikulu ngati dzira la nkhuku, moti anali kulephera kumeza cakudya ndipo madokotala anayembekezera kuti afa m'masabata ocepa. Kuyambira mu Meyi 1891 a Coley anamubaya tizilombo tamoyo ta streptococcus mobwerezabwereza, koma erysipelas inali kukana kugwira. Mu Okutobala anapeza tizilombo tamphamvu tocokera ku nyumba yofufuzira ya Robert Koch ku Berlin. Atamubaya, Zola ananjenjemera, nasanza, thupi nkutentha kupitirira madigiri 40. M'masiku ocepa cotupa ca pakhosi cinayamba kusungunuka, ndipo patapita masabata awiri cinali citatha. Ca kummero cinacepa moti anayambanso kudya. Zola anakhala zaka zina 8, nakafera kwao ku Italy kansa itabwerera.

Tiyenera kunena poyera kuti njirayi inali yoopsa, ndipo masiku ano palibe komiti yoyang'anira kufufuza imene ingaivomere. Mwa odwala oyambawo, ena erysipelas sinawagwire konse, ndipo awiri anafa ndi nthenda imene dokotala wao anawapatsa dala. A Coley sanabise imfazi m'malipoti ao. Zinawaphunzitsa kuti tizilombo tamoyo sitilamulika. Conco mu 1893 anasintha: anayamba kupha tizilomboto asanatibaye, nasakaniza streptococcus ndi mtundu wina umene lero umachedwa Serratia marcescens. Msanganizo umenewu ndiwo unadziwika ndi dzina lakuti Coley's toxins, ndiko kuti ululu wa Coley.

Woyamba kulandira msanganizowu anali mnyamata wa zaka 16, John Ficken, amene anali ndi cotupa cacikulu m'mimba cosatheka kudula. Anayamba kubayidwa mu Januwale 1893. Jekeseni iliyonse inali kumutenthetsa thupi ndi kumunjenjemeretsa, ndipo cotupaco cinacepa pang'onopang'ono kufikira cinaleka kumveka pocikhudza. Ficken anakhala zaka zina 26, namwalira ndi nthenda ya mtima.

M'zaka zonse za nchito yao a Coley anapereka mankhwalawa kwa odwala pafupifupi 1,000, ambiri a iwo ali ndi sarcoma imene madokotala ena anali atailephera. Kuyambira 1899 kampani ya Parke-Davis inali kuwapanga ndi kuwagulitsa. Panthawi imodzimodziyo a Coley anali dokotala wochuka wa opaleshoni ya hernia, nthenda imene matumbo amaturukira pa malo ofooka a pamimba, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa madokotala a opaleshoni pa Hospital for the Ruptured and Crippled. Anzao anali kuwalemekeza pa mpeni. Pa nkhani ya ululu uja ndiye ambiri anali kupukusa mutu.

Okayikawo anali ndi zifukwa zomveka. Coyamba, a Coley iwo eni sanali kudziwa bwino cimene cinali kupha zotupazo. Anaganiza kuti ndi ululu wa tizilombo umene unali kulimbana ndi kansa, ndipo anakhulupirira kwa nthawi yaitali kuti kansa imayambitsidwa ndi kacilombo, ganizo limene akatswiri ambiri anali atalitaya. Za maselo oyera a m'magazi amene amasaka ndi kupha maselo olakwika, aja timawachula kuti asilikali a m'thupi, panalibe amene anali kuzidziwa mokwanira. Caciwiri, mankhwalawo sanali amodzimodzi. Panali mitundu yoposa 10 ya kapangidwe kake, ina yamphamvu, ina yofooka ngati madzi. A Coley anali kukhala pafupi ndi wodwala, kuonjezera muyezo tsiku ndi tsiku mpaka thupi litenthe ndithu, ndi kupitiriza kwa miyezi. Dokotala wina wakutali anali kugula botolo, kubaya kangapo mwamantha, osaona kanthu, nalemba kuti mankhwalawo ndi acabe. Cacitatu, makalata a a Coley sanali olongosoka monga mmene sayansi imafunira, ndipo panalibe gulu lina la odwala loyerekezerapo. Akati wodwala wacira, otsutsa anali kuyankha kuti mwina sanali ndi kansa n'komwe.

Koma mdani wamkulu wa njira yao anali ceza. Mu 1895 Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray, ndipo mu 1898 Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium. Madokotala anaona msanga kuti ceza cimafotetsa zotupa, ndipo cimatero pamaso pa aliyense, mwa odwala ambiri, pa muyezo woti munthu angaulembe ndi kuubwereza. A Coley sanadane naco poyamba. Anali mmodzi mwa oyamba kugwiritsa nchito X-ray pa zotupa pa cipatala ca kansa ca New York, cimene cinadzachedwa Memorial Hospital. Atayesa kwa zaka zingapo anatsimikiza mumtima mwao kuti ceza ca masiku amenewo cinali kucepetsa cotupa pamalo pamene calunjikidwa, koma sicinali kuletsa kansa imene yafalikira kale.

Ca m'ma 1913 mwini migodi wolemera, James Douglas, amene mwana wake wamkazi anadwala kansa ya m'mawere, anapatsa Memorial Hospital ndalama zambiri ndi radium, ndipo anafuna kuti Dokotala James Ewing akhale wotsogolera za kufufuza ndi kuciza. A Ewing anali katswiri wamkulu wa kupima zotupa mu America monse. Kansa ya mafupa yochedwa Ewing sarcoma, imene iwo anaifotokoza mu 1921, inatenga dzina lao. Anali wokhulupirira radium ndi mtima wonse, ndipo anali kuona ululu wa Coley ngati cinthu copanda umboni. Motero amuna awiriwa anagwira nchito m'nyumba imodzi kwa zaka zambiri, wina ali ndi ulamuliro, ndalama ndi makina, mnzake ali ndi botolo la tizilombo takufa ndi mndandanda wa odwala amene iye anali kuti anacira. Cipatalaco cinakhala likulu la radium, ndipo njira ya a Coley inakankhidwira pambali.

Pa mkangano umenewu aliyense anali ndi mbali ya coona. A Ewing sanalakwe kufuna umboni wopimika, ndipo ceza cakhaladi cimodzi mwa zida zazikulu zolimbanira ndi kansa pa dziko lonse, monga mmene cagwirira nchito kuno kwathu pa Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2007. A Coley nawo sanalakwe kuumirira kuti thupi la munthu lili ndi mphamvu yake yophera kansa ngati lidzutsidwa. Colakwika cinali kuganiza kuti njira imodzi iyenera kufa kuti inzake ikhale.

Ca kumapeto kwa moyo wao mphepo inayamba kutembenuka pang'ono. Mu 1934 magazini ya bungwe la madokotala a ku America, imene inawatsutsa kalelo mu 1894, inavomera kuti mankhwalawo angakhale ndi phindu pa odwala ena, ndipo mu 1935 bungwe la madokotala a opaleshoni la ku England linawapatsa ulemu wapadera. A Coley anamwalira pa 16 Epulo 1936 ali ndi zaka 74, m'cipatala comwe cija ca Ruptured and Crippled cimene anacitumikira. Mwana wao wamwamuna, Bradley Coley, anapitiriza nchito ya zotupa za mafupa pa Memorial. Koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha kunabwera mankhwala a chemotherapy, ndipo ululu uja unaiwalika. Parke-Davis inaleka kuupanga kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Malamulo a mankhwala a ku America atakhwimitsidwa mu 1962, sunaloledwenso kuperekedwa kunja kwa kufufuza kovomerezeka, ndipo mu 1965 American Cancer Society inauika pa mndandanda wa njira zopanda umboni.

Dzina la a Coley likanathera pamenepo pakanapanda mwana wao wamkazi, Helen Coley Nauts. Mai ameneyu sanali dokotala ndipo sanaphunzire sayansi. Atate ao atamwalira anapeza milu ya makalata pa famu ya banjalo ku Connecticut, nayamba kuwasanja ndi colinga colemba mbiri cabe. Nchitoyo inawatengera moyo wonse. Analembera madokotala ndi mabanja a odwala, natsata nkhani za anthu pafupifupi 900 amene kansa yao inatsimikizidwa ndi maikulosikopu, naonetsa kuti zotsatira zinali kudalira mphamvu ya mankhwala, kutentha kwa thupi ndi utali wa cithandizo. Mu 1953 iwo ndi Oliver Grace anakhazikitsa Cancer Research Institute, bungwe lothandiza ofufuza za citetezo ca m'thupi ndi kansa pa nthawi imene ambiri anali kuiona nkhaniyi ngati maloto. A Nauts anamwalira mu 2001.

Umboni unabwera pang'onopang'ono. Mu 1975 gulu la Dokotala Lloyd Old, pa cipatala comwe cija ca Memorial, linapeza cinthu cimene thupi limapanga likakumana ndi ululu wa mabakiteriya, cimene cimaoletsa zotupa mu mbewa. M'caka comweco dzina la ululu wa Coley linacotsedwa pa mndandanda uja. Mu 1976 madokotala a ku Canada anaonetsa kuti BCG, katemera yemwe uja wa cifuwa cacikulu amene ana athu amabayidwa atangobadwa, akathiridwa m'cikhodzodzo amathandiza kuletsa kansa ya m'cikhodzodzo kubwerera. Limeneli ndi ganizo la a Coley lenileni: kuputa thupi ndi tizilombo kuti lidzuke. Pambuyo pake James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan anapeza mabuleki amene amagwira asilikali a m'thupi kuti asamenye, ndipo mankhwala omasula mabulekiwo anasintha kacizidwe ka kansa ya pakhungu yochedwa melanoma ndi kansa ya m'mapapo. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018.

Nanga ceza? Mu 1953 katswiri wa ku Britain, R. H. Mole, anapatsa dzina cinthu codabwitsa cimene cimaoneka mwa apo ndi apo: cotupa cimodzi cikaochedwa, cina cakutali cimene ceza sicinacikhudze cimafotanso. Lero akatswiri amafotokoza kuti ceza cikaphwanya maselo a kansa, zidutswa zake zimaonekera kwa asilikali a m'thupi, amene amaphunzira nkhope ya mdaniyo nakamusaka kwina. Mu 2012 madokotala a pa Memorial Sloan Kettering, cipatala ca a Coley ndi a Ewing m'dzina lake latsopano, analemba za mai wodwala melanoma amene anali kulandira mankhwala omasula mabuleki. Ataocha cotupa cimodzi pafupi ndi msana, zotupa zina m'cifuwa ndi mu kapamba zinacepa. Mu 2017 kufufuza kwakukulu kochedwa PACIFIC kunaonetsa kuti odwala kansa ya m'mapapo amene analandira mankhwala otere atatsiriza ceza ndi chemotherapy anakhala nthawi yaitali nthenda isanapitirire.

Mu ubongo zinthu zavuta kwambiri. Njira imene imatsatidwa pa glioblastoma kuyambira 2005 ndi opaleshoni, ceza ndi mankhwala a temozolomide, ndipo m'kufufuza kumene kunaikhazikitsa theka la odwala linapyola miyezi 14.6, poyerekeza ndi miyezi 12.1 kwa olandira ceza cokha. Cotupaco cikabwerera, zosankha zimakhala zocepa. Ubongo uli ndi cochinga cimene cimaletsa mankhwala ambiri kulowa kucokera m'magazi. Glioblastoma imakhala ndi asilikali a m'thupi ocepa mkati mwake, ndipo imaturutsa zinthu zogonetsa amene afikapo. Mankhwala a dexamethasone, amene wodwala amafunikira kuti ubongo usatupe, amafooketsanso citetezo comweco cimene madokotala akufuna kudzutsa. Ceza naco cili ndi mbali ziwiri, pakuti cikaperekedwa kwa masabata ambiri cimapha maselo oyera a m'magazi.

Zotsatira za kufufuza kwakukulu zakhala zogwetsa ulesi. Pa CheckMate 143, kumene kunali odwala 369 a glioblastoma yobwerera, mankhwala omasula mabuleki a nivolumab sanapose mankhwala a bevacizumab: miyezi 9.8 poyerekeza ndi 10.0. Pa CheckMate 498, odwala atsopano amene analandira nivolumab pamodzi ndi ceza anakhala miyezi 13.4, pamene olandira temozolomide ndi ceza anakhala miyezi 14.9. Ofufuza sanaleke. Ena ayesa kuocha cotupa cobwerera ndi ceza camphamvu colunjika pa malo ang'ono, kwa masiku ocepa cabe, pamodzi ndi mankhwala odzutsa citetezo, kuti asilikali a m'thupi asaphedwe ambiri. Ena ayesa kupereka mankhwalawo opaleshoni isanacitike, cotupa cikali m'malo mwake, ndipo kufufuza kwakung'ono kwa odwala 35 kumene kunalengezedwa mu 2019 kunapatsa ciyembekezo pa njira imeneyi. Koma magulu a odwala otere ndi ocepa, ndipo kuphatikiza ceza ndi mankhwala odzutsa citetezo pa glioblastoma yobwerera kukali pa mlingo wa kuyesa, sikunakhale cithandizo ca masiku onse.

Mafunso amene ofufuzawa akulimbana nao ndi omwe aja amene a Coley anali nao pambali pa bedi la Zola mu 1891: muyezo ukhale wotani, uperekedwe liti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo n'cifukwa ciani wodwala uyu akucira pamene mnzake wa nthenda yomweyo sakucira. Kuyambira 1975 Cancer Research Institute imapereka mphoto yochedwa William B. Coley Award kwa ofufuza za citetezo ca m'thupi, ndipo a Allison ndi a Honjo onse awiri anailandira zaka zingapo asanaitanidwe ku Stockholm.